Usipa wa m'chipewa

M'nyumba mwathu muli chipewa china chimene mayi a kunyumba akhala akufuna kuchiponya kudzala. Ndi cha mlaza, chotambalala, chija anyamata amagulitsa kwa alendo m'mbali mwa msewu wa kunyanja. Chimanunkha. Ndachichapapo ndi sopo kangapo, ndachiyanikapo padenga tsiku lonse, koma kunja kukangochita kachinyezi fungo la usipa limadzukanso, pabalaza ponse n'kukhala ngati padoko. Iwo akachitenga, ine ndimawalanda n'kuchibwezera pamsomali pake.

Ndi anthu awiri kapena atatu okha amene ndinawauzapo chifukwa chake. Lero ndaganiza zongonena poyera, ngakhale kuti m'nkhaniyi ine sindituluka woyera.

## Ulendo wa ku ofesi

Mu Okutobala 2022 kuntchito kwathu ku Lilongwe anakonza zoti tikapumeko kunyanja masiku atatu, uku tikukambirana mapulani a chaka chotsatira. Abwana atangotchula Cape Maclear, anzanga anaomba m'manja. Ine mtima unangoti myuu.

Cape Maclear ndi dzina la pamapu ndi pazikwangwani. Eni ake amati kwa Chembe. Ndipo kwa Chembe ndi kwawo kwa malemu mayi anga, zimene kwa ife Achewa zikutanthauza kuti ndi kwathu, palibenso zokambirana. Ndinabadwira ku Kawale, sukulu yonse ndinaphunzira m'tauni, koma mbumba imene ndimawerengedwako ili kumeneko. Panali patatha zaka 9 ndisanapondeko phazi. Ulendo womaliza unali wa maliro a mayi. Titameta, ndinakwera matola n'kumapita, nditalonjeza kuti pa Khrisimasi ndibweranso.

Poyamba chinkandiletsa chinali chisoni. Kenaka chisonicho chinasanduka manyazi a munthu wochedwa. Mukudziwa mmene zimakhalira: chikatha chaka umati ndipite ndi kanthu m'manja. Zikakwana zaka zitatu, kanthuko kayenera kukula. Zikafika zisanu, palibenso thumba la shuga kapena nsalu imene ingakwanire kupepesera. Foni za amalume ndinayamba kumaziyankha mawa lake, kenaka sabata yotsatira, mpaka iwo anatopa n'kusiya kuimba.

Ndiye m'minibasi muja, tikutsetsereka Khwekhwerere kulowera ku Golomoti, ndinangokhala duu. Titasiya msewu wa ku Monkey Bay n'kuyamba kukhotakhota m'mapiri a kwa Nankumba, dalaivala anaima pa Mwala wa Mphini kuti anthu ajambulitse. Mnzanga wina wa ku akaunti, wokonda kudziwa chilichonse, anayamba kundifotokozera ineyo za mwalawo, kuti mizere yakeyo ikufanana ndi mphini zimene makolo ankatema kumaso. Ndinagwedeza mutu ngati ndikumva koyamba. Pamwala umenewo ndi pamene mayi ankatipumitsa tili ana, popita kutchuthi, n'kutigawira chinangwa chophika cha m'kansalu.

Chipewa chija ndinagula tsiku lomwelo. Ndinkaganiza kuti chindibisa nkhope.

## Mpanda wa bango

Amene munafikako mukudziwa mmene kulili. Malo ogona alendo anandanda m'mphepete mwa madzi, mipando ndi maambulera pamchenga. Kuseri kwa mipanda ya bango ndiye kuli mudzi: nyumba zothithikana, tinjira ta mchenga totentha mapazi, mbuzi, milambe, ndi mathandala oyanikapo nsomba. Anthu oposa 10,000 pa kachigwa kopanikizika pakati pa nyanja ndi mapiri. Mlendo akhoza kutha sabata akuyang'ana zilumba za Thumbi ndi Domwe, akujambula nkhwazi ikutola nsomba, osacheuka n'komwe kuti aone zimene zili kumsana kwake.

Inenso ndinachita zomwezo. Nyumba ya agogo ili pa mtunda woyenda mphindi 10 kuchokera pamene tinafikirapo. Ndinasankha mpando woyang'ana kumadzi.

Madzulo titakhala patebulo, mnyamata woperekera zakudya anafika ndi kabuku kake. Ndinamuzindikira asanatsegule pakamwa. Msuweni wanga, mwana wa amalume, amene tinkasambira naye tili chinochino, amene anandiphunzitsa kugwira nkhafi kenaka n'kugudubuza bwato dala kuti ndimwe madzi. Anasuzumira pansi pa chipewa. Ndinaona maso ake akusintha. Kenaka anati:

"Bwana, mumwa chiyani?"

Akanandinyoza bwenzi zili bwino. Msuweni ali ndi ufulu wokutchula chitsiru pamaso pa abwana ako, ndipo palibe mlandu umene ungakhale pabwalo. Iye anasankha kundipatsa ulemu umene ndinkaufunawo. Anabwera ndi Fanta wozizira, anatsegula, anaika kapu pambali, n'kupita patebulo lina. Fanta ameneyo anathera ntchentche.

## Tauni ya pamadzi

Usiku umenewo mwezi unali kumdima. Cha m'ma 9 koloko mtsikana wina wa ku ofesi analoza kunyanja n'kufunsa kuti tauni ikuwala patsidyapo ndi iti, kapena ndi ku Mozambique? Nyali zinali zitandanda mzere wautali, zikuphethira. Yankho linafika pamlomo, ndinalimeza.

Si tauni, ndi kauni, usodzi wa usipa wa usiku. Munthu mmodzi, amene amamutcha siginala, amakhala yekha m'bwato muli nyali zowala kwambiri. Kale zinali nyali za parafini zopopa, lero ambiri ali ndi mababu a batire. Usipa umatsata kuwalako n'kuunjikana pansi pa bwato. Siginala akaona kuti wakwana amaitana anzake, maboti n'kuzinga malowo ndi ukonde waukulu wotchedwa chilimira, n'kuyamba kukoka. Amachita zimenezi kangapo mpaka kucha. Mwezi ukawala nyali ilibe mphamvu, n'chifukwa chake kalendala ya mudzi uja ili kumwamba. Masiku a mdima m'matumba muli ndalama, mabala amasokosa, osoka zovala amapeza ntchito. Mwezi ukakhala mbee, anthu amasoka maukonde pansi pa mitengo ndi kulembetsa ngongole m'magolosale. Mwera ukaomba mwamphamvu m'miyezi yozizira, ngakhale kukhale mdima wotani, maboti amagona pamtunda.

Amalume anakhala siginala zaka zambiri asanagule boti lawolawo. Ndinadziwa kuti imodzi mwa nyali zimenezo ndi yawo, kungoti sindinadziwe iti. Ndinagona chagada pabedi la nsalu zoyera, fani ikuzungulira, ndikumva ana a m'mudzi akuimba kuseri kwa mpanda mpaka anabalalika. Tulo sitinabwere.

## M'bandakucha padoko

Tambala wachiwiri atalira ndinatuluka. Ndinadzinamiza kuti ndikukangowongola miyendo, mwina n'kugulako kausipa kakawisi koti akatikazingire pa kadzutsa. Chipewa ndinavala, ngakhale dzuwa linali lisanaganize zotuluka.

Padoko panali patadzaza kale. Amayi a geni atakhalira mabeseni awo, ena ochokera ku Limbe ndi ku Lilongwe komweko, amene amagona kunyanja masiku angapo kudikira kuti nsomba zife ndi kuuma. Ana, agalu, mnyamata wa tiyi ndi zitumbuwa, wailesi ya munthu wina ikulira payokha. Injini zinkamveka chapatali, kenaka maboti anayamba kutulukira m'kamdima, limodzilimodzi. Anthu amadziwa boti likadali kutali ngati lapha kapena ayi. Amaona mmene lamirira, ndi phokoso la anyamata ali m'menemo.

Ndinayandikira lina limene linali litangogunda mchenga. Kumbuyo kwake munthu wina anali atawerama akumasula paipi ya mafuta, atavala jekete long'ambika pachigongono. Ndinatulutsa K5,000.

"Akulu, chigoba mukuchita bwanji?"

Anaweramuka. Anali amalume. Mutu wonse uli mbuu, masaya atalowa, koma maso ali omwe aja a mayi anga. Sanadzidzimuke. Ndinamva pambuyo pake kuti mwana wawo anawaimbira foni usiku womwewo ali pakati pa nyanja.

Anandiyang'ana kuyambira kuchipewa mpaka ku patapata. Anayang'ana ndalama ija. Moni sanandipatse.

"A geni amaima uko," anatero, akuloza ndi mlomo. Anakhala kaye chete, ngati akundipatsa mpata woti ndipite ndikaime nawo. Sindinasunthe. "Iwe, bweza chimenecho m'thumba, chinyowa. Gwira apa."

Anandiponyera chingwe.

Boti la matabwa lokhala ndi nsomba, ukonde wonyowa ndi injini si masewera kulikweza pamtunda. Amayala zipika pansi kuti liziyenda pamwamba pake, ena n'kugwira m'mbali, ena kuchingwe. Mmodzi amakuwa kuti "Tiyeni!", onse n'kukoka kamodzi, boti n'kusuntha phazi limodzi lokha. Kupuma pang'ono. "Tiyeninso!" Patapata wanga mmodzi anatsalira mumchenga. Kabudula woyera amene ndinagulira ulendowu ananyowa mpaka m'chiuno. Chingwe cha nayiloni chinayamba kusenda zikhatho zanga, zikhatho zozolowera kompyuta. Kutsogolo kwanga kunali kamnyamata ka zaka ngati 10, kamene kanacheuka n'kunena mosaseka kuti, "Achimwene, muzikoka ndi msana, mikono muthyola." Kumbuyo kwanga kunali gogo wina wamkazi. Mphamvu analibe. Anangoika dzanja limodzi pachingwe n'kumayenda nafe chammbuyo.

Kwa mphindi zingapo manyazi anandichoka, chifukwa mpweya unali utandithera.

Boti litakhazikika, malonda asanayambe, panachitika chinthu chimene ndinachiona kambirimbiri ndili mwana koma osachilabadira. Amalume anakwera m'boti n'kuyamba kutapa usipa ndi manja awiri. Aliyense amene anagwira chingwe anatambasula chake: wina kambale, wina jumbo, wina mpango wa kumutu. Kamnyamata kaja kanangopinda malaya ake kutsogolo. Gogo uja analandira mofanana ndi anyamata amene anatuluka thukuta. Palibe amene anafunsidwa kuti ndiwe mwana wa yani, kapena umapemphera kuti. Palibenso amene anagwada kuthokoza. Si mphatso ayi, ndi ndiwo zako, wagwira chingwe. Masamu enawo amabwera pambuyo pa malonda: kuchotsa za mafuta, gawo la mwini ukonde, gawo la anyamata amene achezera pamadzi. Pamenepo ndiye pamakhala mikangano. Koma ndiwo za okoka zimatuluka ndalama isanaoneke.

Atafika pa ine ndinalibe chotengera. Ndinangotambasula manja ngati wopempha pamsika. Amalume anatsika m'boti, anandivula chipewa, anachitembenuza, n'kuthiramo kawiri. Anaima pang'ono. Anathiramo kachitatu.

"Kawiriko n'kako, wakoka. Kachitatuko n'ka mlongo wanga." Mawu awo sananjenjemere n'komwe. "Kapereke kwa agogo ako akuphikire. Njira ukuikumbuka, kapena ndikupatse mwana akuperekeze?"

Anthu anaseka, koma sikunali kuseka kwa nkhanza. Ine, bambo wa ana awiri, ndinalira pomwepo, phazi limodzi lopanda patapata, chipewa chikudontheza madzi a nsomba m'miyendo.

## "Amuna anga abwera"

Njira ndinaikumbuka. Kapena ndinene kuti miyendo ndiyo inakumbuka: kudutsa mlambe waukulu, kukhota pachigayo, kulowa kanjira kopapatiza pakati pa mipanda iwiri. Ana anayamba kunditsata. Sindikuwadzudzula. Munthu wa magalasi akuyenda motsimphina atanyamula chipewa cha usipa ngati mbale ya chopereka, ndani sangatsate?

Agogo anali akusesa pabwalo. Anaimika tsache, anaika dzanja pamphumi.

"Ii, amuna anga abwera! Ine ndimayesa munakwatira kwina."

Ndinagwada. Ndinali nditakonza mawu m'njira monse, koma sanandipatse mpata. Anasuzumira m'chipewa, anatola usipa umodzi, anaufinya pamimba.

"Mwagula?"

"Ayi agogo. Ndakoka nawo."

Anagwira manja anga, anawatembenuza, anaona matuza. "Basi, khalani pamkeka."

Pambuyo pake ndinawafunsa kuti ndikanati ndagula akanatani. Anati, "Ndikanaphika ndithu, nsomba ilibe mlandu. Koma ndikanakutulutsirani mpando, ndi supuni."

Tinadya nsima ya m'mawa, usipa wa tomato ndi mchere basi, agogo akundichotsera mitu ngati ndikadali kamwana. Mimba itakhuta, pakamwa panamasuka, ndinayesa kudzitchinjiriza ndi mwambi. Ndinati chibale ndi fupa, sichiola.

"Sichiola inde," anatero akutsuka m'manja. "Koma munaonapo fupa likukoka boti?"

Analoza nyumba ya kuseri. Mmenemo mumakhala bambo wina wachitonga amene anachokera ku Nkhata Bay ine ndisanabadwe, anabwera ndi ukonde, n'kukwatira konkuno. Mpaka lero Chichewa chake chimamveka kuti n'chobwereka. Agogo anati mphepo itasasula denga lawo, amene anakwera pamwamba m'mawa mwake ndi iyeyo. Atadwala usiku, amene anawabereka kumsana kupita nawo kuchipatala ndi mwana wake. "Ndiye pakati pa uyo ndi inu amuna anga, mwini mudzi ndani?"

Ndinatola kamunga m'mbale n'kumakayang'ana.

## Onsewo anatipeza

Ife opita kusukulu timakonda funso loti anayamba kufika ndani. Ndipo mbiri ya malo aja imene inalembedwa imayamba ndi obwera. David Livingstone anadutsa mu 1861 n'kupereka dzina la mnzake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town, amene sanamwepo madzi a nyanjayi. Mu 1875 amishoni a ku Scotland anafika, E.D. Young ndi Robert Laws, pa sitima ya Ilala imene inachita kunyamulidwa zidutswazidutswa pamitu ya anthu kulambalala mathithi a Shire. Livingstonia woyamba anali pamenepa. Malungo anawasautsa, anaika anzawo m'manda, ndipo mu 1881 anasamukira ku Bandawe, atabatiza munthu mmodzi yekha, Albert Namalambe. Mu 1949 ndege zotera pamadzi zochokera ku Britain zinayamba kumaima pompo, koma sizinakhalitse. Mu 1980 boma linakhazikitsa Lake Malawi National Park, ndipo mu 1984 UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaika malowa m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse, makamaka chifukwa cha mbuna, tinsomba ta mawangamawanga ta m'miyala timene mitundu yake ilipo mazanamazana ndipo yambiri sipezeka kwina kulikonse.

Ndinawayalira agogo zaka zonsezi, ndikufuna kuonetsa kuti ngakhale sindibwera, kwathu ndimakudziwa. Anamvetsera mpaka kumapeto. Yankho lawo linali lalifupi: "Onsewo anatipeza tikuyanika nsomba."

Ndi zoona. Pakiyo itabwera mudzi sunasamutsidwe, unangozunguliridwa, pamodzi ndi midzi ina ngati Msaka, Mvunguti ndi Zambo. Kukhala m'kati mwa paki kuli ndi malamulo ake. Sumaponya ukonde pa mtunda wosakwana mamita 100 kuchokera kugombe la paki kapena la zilumba zake. Mtengo wauwisi sudula, ndipo nkhuni zouma amayi amakatola ndi chilolezo. Mudzi sungakwere phiri, choncho ana akakula nyumba zimangomangidwa pakati pa nyumba zinzake. Anyani amatsika kudzakolola chimanga chimene sanalime. Komabe agogo omwewo, amene amadandaula za nkhuni, ndi amene anandiuza kuti pakanapanda malamulowo mapiri aja bwenzi ali mpala ngati ena amene ndinawaona m'njira. Zinthu ziwirizi amazinena mpweya umodzi, osaona kuti zikutsutsana.

Chimene chinandikhudza ndi cha manda. A amishoni aja ali ndi miyala yolembedwa, alendo amapita kukajambula. A makolo athu ali phee pansi pa mitengo, ndipo sumangolowako ngati kumunda. Tsiku limenelo sindinapite pamene panagona mayi. Amalume anati aziyamba akawauza amfumu, ndidzapite ulendo wina. Ndikuganiza kuti ankafuna aone ngati ulendo winawo udzakhalapo.

## Ndisakunamizeni

Sindikufuna wina awerenge izi n'kumati kunyanja anthu amangogawana nsomba akuseka. Ndinakhala pamkeka uja mpaka masana ndipo ndinamva zambiri. Chambo chimene ndili mwana tinkadya osachiwerengera, lero chimapita kumalo a alendo ndi kumatauni, mwana wa msodzi amachiona chikudutsa. Mu Novembala ndi Disembala makoka ena amaletsedwa kuti chambo chiswane, koma njala siwerenga miyezi, ndipo alipo amene amakokera ndi maneti a udzudzu, kusesa ndi tiana tomwe. Likodzo ndi la tsiku ndi tsiku, ana ambiri amakodza magazi n'kumaona ngati ndi mmene kukula kumakhalira. Anyamata amasiya sukulu chifukwa usiku umodzi wabwino umabweretsa ndalama imene mphunzitsi wawo aidikira sabata, ndipo ndalama yomweyo imatha dzuwa lisanalowe. Za zimene amayi ena a geni amakumana nazo kuti apeze nsomba usipa ukasowa, agogo anangoti, "Zimenezo musandiyankhulitse."

Amalume atabwera kudzagona masana, anakhala kaye pakhonde. Ndi pamene anandipatsa moni weniweni, kufunsa za ana ndi mayi awo, mmodzimmodzi. Atatopa ndi mafunso anga a nsomba, anandiuza za ku Mbenji, chilumba cha ku Salima kumene anakasodzako utaka ali mnyamata. Kumeneko ndi mfumu Makanjira imene imatseka usodzi nyengo ya dzinja n'kudzatsegula mu Epulo, mwambo umene unayamba m'zaka za m'ma 1950. Mowa, chamba ndi juga saloledwa pachilumbapo, ndipo amayi safikako. Anati kumeneko anthu amamvera chifukwa lamulo ndi lawo, wolakwa amaweruzidwa ndi anthu amene amamudziwa dzina. Kenaka anayasamula n'kulowa m'nyumba. Sanatchulepo za zaka 9 zija, tsiku limenelo kapena lina lililonse.

Ndinabwerera kwa anzanga cha m'ma 2 koloko, msonkhano wa m'mawa nditaujomba. Ndinawauza zonse. Ndinkayembekezera kuti andiyang'ana mwachilendo. Wa ku akaunti uja anangoti, "Aise, ndiye bwanji osanena? Bwenzi tikudya chambo chaulere!" Ena anapitiriza kusewera pa foni. Chinthu chimene ndinachisenza zaka zonsezo, kwa iwo sichinali ngakhale nkhani.

## Madzi atakwera

Ndinayamba kumapitako. Osati kawirikawiri, ndisadzitame, mwina katatu pachaka. Ulendo wachiwiri amalume anandiperekeza kumanda. Wachitatu ndinatenga ana anga, ndipo wamkulu, amene amaopa ngakhale madzi a m'bafa, anabwerako akudziwa kusiyanitsa utaka ndi mcheni. Ndimagona kwa agogo, pamphasa, chitseko chili pululu chifukwa cha kutentha. M'mawa ndimapita padoko. Pali masiku amene maboti amabwera opanda kanthu, anthu n'kukoka chingwe chimodzimodzi, n'kubalalika manja ali lende. Tsiku lina lotero ndinaona amalume akutapa m'kabeseni kamodzi kokha kamene anapha, n'kupatsa gogo uja yekha. Enafe tinamvetsa.

Mu 2024 nyanja inakwera kwambiri. Munaona zithunzi za ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhotakota, malo a alendo madzi atalowa mpaka m'zipinda. Kwa Chembe mchenga umene tinakokerapo boti tsiku lija unamira. Mathandala ambiri anasamutsidwa, ndipo nyumba ya bambo wachitonga uja, imene ili chakumunsi, inayamba kunyowa maziko. Foni inalira Lachinayi usiku. Anali amalume, kuimba okha koyamba chichokereni zaka zija. Sanapemphe ndalama. Anati Loweruka anthu akukagumula nyumbayo kuti apulumutse malata ndi njerwa, ndipo manja ndi ochepa chifukwa aliyense ali ndi madzi pakhomo pake.

Ndinaganiza zotumiza ndalama pa foni kuti alembe aganyu awiri. Zikanathandiza kuposa ine, kunena zoona, njerwa ndimanyamula zitatu pamene anzanga akunyamula zisanu ndi imodzi. Ndinatumiza ndithu. Kenaka Lachisanu madzulo ndinakwera basi.

Ndinafika ku Monkey Bay kutada. Amene anabwera kudzanditenga pa njinga yamoto anali msuweni wanga uja. Anazimitsa injini, anandiunika kumaso ndi tochi ya foni pamaso pa anthu onse a pasiteji, n'kukuwa:

"Chitsiru cha ku Kawale chafika! Chipewa chija wabwera nacho, kapena ndiwo za mawa ulandirira m'kabudula?"

Chinali m'chikwama.